Wapansi Kapena Wokwera: Aneni a Ulendo m'Chirasha

 Takulandirani ku pulogalamu yathu ya zinenero za anthu a mitundu ina. Lero tilowa m'Chirasha, chinenero cha anthu a ku Russia, ndipo m'menemo sititola zambiri ayi, koma chinthu chimodzi chokha chimene chakhala chikutulutsa thukuta ophunzira a m'maiko onse, ndicho aneni a ulendo, kapena tinene kuti mawu onena za kupita, kubwera ndi kunyamula.

Nkhaniyi si yachilendo kwa ana a mu Africa. Kuyambira chaka cha 1960, pamene boma la Soviet Union lidatsegula mumzinda wa Moscow sukulu yaukachenjede yolandira achinyamata a ku Africa, Asia ndi Latin America, imene chaka chotsatira idapatsidwa dzina la Patrice Lumumba, ambiri akhala akuwoloka nyanja kukaphunzira udokotala, uinjiniya ndi zaulimi. Ndipo mwambo wake ndi wakuti mlendo amene adzaphunzire m'Chirasha, asanakhudze n'komwe buku la ntchito imene wadzera, ayambe wakhala chaka akulimbana ndi chinenero. Zilembo zake, zimene zilipo 33, amazigonjetsa m'masabata ochepa, nayamba kudziyesa katswiri. Koma likafika tsiku limene mphunzitsi alemba pabolodi mawu akuti "kupita", ndi pomwe kunyada kumatha, pakuti mawu amene ife timawanena ndi mneni mmodzi, iwo ali nawo anayi, ndipo sungasankhe mwa anayiwo mongolota.

Tsono mfundo ya nkhani yathu yonse ndi iyi, ndipo ndidzaibwereza kangapo kuti ikhazikike: munthu wa ku Russia asanatsegule pakamwa kunena za ulendo, amayankha mumtima mafunso awiri. Loyamba, kodi woyendayo ndi wapansi kapena wokwera? Lachiwiri, kodi ali panjira, nkhope italunjika kumodzi, kapena tikunena za kuyenda kwa mtundu wina, monga kwa masiku onse, kopita n'kubwera, kapena kongozungulira? Mafunso awiri okhawo. Amene wawagwira wagwira mutu wa njoka. Zotsalazo ndi mchira.

Tiyambe ndi funso loyamba, limene lili lopepuka. Kuyenda pansi ndi miyendo amati "idti". Kuyenda utakwera chinthu, kaya ndi galimoto, basi, sitima yapamtunda, njinga kapena kavalo, amati "yekhat". Ife tikati "ndikupita ku Moscow", womvera safunsa kuti upita bwanji, ndipo akafuna kudziwa amachita kufunsa padera. Koma iwo mneni mwiniwakeyo ndiye amaulula. "Ya idu" ndiye kuti ndikupita wapansi. "Ya yedu" ndiye kuti ndikupita nditakwera. Taganizirani tsono dziko limene njanji yake yochokera ku Moscow kukafika ku Vladivostok, m'mphepete mwa nyanja ya Pacific, ndi yotalika makilomita oposa 9,000, kotero kuti sitima imatha pafupifupi sabata yathunthu ili panjira. Mlendo akaimirira pakati pa anzake nanena kuti mawa "idu" ku Vladivostok, onse amagwa nako kuseka, chifukwa chimene aona m'maso mwawo ndi munthu wa ndodo m'manja ndi phukusi kumsana, akuyamba ulendo umene adzatsirize atamera imvi. Chotero lamulo lake ndi lakuti ulendo wa kumzinda wina kapena kudziko lina ndi wokwera nthawi zonse.

Pano ndichenjeze makutu anu, pakuti mawu a wokwera amayandikana kwambiri ndi mawu a wakudya. "Oni yedut" ndi kunena kuti iwo akupita atakwera, pamene "oni yedyat" ndi kunena kuti iwo akudya. Kusiyana kwake n'kwa kachilembo kamodzi, ndipo ophunzira osawerengeka auzapo aphunzitsi awo kuti makolo awo akudya kupita ku Moscow. Chinanso, kwa inu amene mukulota za udokotala: mawu akuti "ya lechu" amatanthauza kuti ndikuuluka pandege, komanso amatanthauza kuti ndikuchiza wodwala, ndipo amene amalekanitsa ziwirizi ndi mawu otsatira basi.

Tadutsa funso loyamba, la wapansi ndi wokwera. Tsopano tikhale pansi bwino, chifukwa lachiwirili ndilo lili ndi nyama yambiri, ndipo tichedwapo.

Mneni aliyense wa ulendo ali ndi mbale wake, ndipo amayenda awiriawiri. "Idti" mbale wake ndi "khodit". "Yekhat" mbale wake ndi "yezdit". Mukamatchula "khodit", musatchule "kh" wake monga timatchulira pa khasu kapena khomo, koma mpweya uzikhula kukhosi monga achitira munthu wofuna kuchotsa kaminga ka nsomba. Woyamba pa awiriwa timutche wolunjika, ndipo wachiwiri timutche woyendayenda. Wolunjika amajambula munthu ali pakati pa njira, wachoka uku, sanafike uko, koma nkhope yaloza kumodzi. Woyendayenda amatenga zotsala zonse.

Apa ndi pamene ife olankhula Chichewa tili ndi mwayi umene anzathu ena alibe, pakuti khutu lathu lidazolowera kale kulekanitsa "akupita" ndi "amapita". Mukasuzumira pazenera n'kuona mwana wa mnansi wanu, chikwama kumsana, akutsetsereka ndi msewu kulunjika kusukulu, mudzati "on idyot v shkolu", ndiko kuti akupita kusukulu. Koma wina akakufunsani kuti mwana uja masiku ano amatani, inu n'kufuna kunena kuti adayamba sukulu ndipo amapita tsiku ndi tsiku, mudzati "on khodit v shkolu". Momwemonso bambo amene wakhala m'sitima tsopano lino kulunjika ku Saint Petersburg, "on yedet". Koma wamalonda amene amapitako mwezi ndi mwezi, "on yezdit". Kufikira pamenepa, "ku" wathu ndi "ma" wathu akutitsogolera bwino, ndipo ndi chinthu chokondweretsa kuona zinenero ziwiri zosadziwana, zotalikirana chotere, zikugwirizana pa chinthu chaching'ono ngati ichi.

Koma ndinena nanu mosabisa kuti ndodo imeneyi ikufikitsani pakati pa mtsinje pokha, osati kutsidya. Taonani bambo amene mkazi wake ali m'chipinda chochiriramo, iye ali pakhonde la chipatala, akupita uku, akubwerera uku, manja kumbuyo. Zimenezi zikuchitika tsopano lino, ndipo ife tingati akuyenda. Komabe munthu wa ku Russia sadzati "idyot", chifukwa bamboyo salunjika kulikonse, koma adzati "on khodit". Taonaninso khanda limene dzulo linali kukwawa, lero laponya phazi loyamba: mayi wake, pouza abale, adzati mwanayo tsopano "khodit", kutanthauza kuti wayamba kuyenda, ali nayo mphamvu yake. Mwa njira yomweyo, ponena kuti mbalame zimauluka ndi kuti nsomba zimasambira, monga mwa chilengedwe chawo, amatenga mneni woyendayenda. Koma mbalame zija zikandandalika m'mwamba kuthawa chisanu, milomo yonse italoza kumwera, pamenepo amatenga wolunjika. Mwaona tsono kuti chimene Chirasha chikufunsa si nthawi ayi, koma maonekedwe a njira: kodi mapazi asiya mzere umodzi wowongoka, kapena asiya mizere yambiri?

Ndipo chimene chimapunthwitsa ambiri koposa zonse chili m'nthawi yakale. Munthu amene dzulo adapita kukaonera kanema kamodzi kokha, nabwerera kwawo kukagona, ophunzira amayesa kuti ayenera kutenga mneni wolunjika, popeza ulendowo udali umodzi. Iyayi. Ulendo wopita n'kubwera uli ndi njira ziwiri, yopita ndi yobwerera, potero ndi wa woyendayenda: "ya khodil v kino", ndiko kuti ndinapita kukanema ndipo ndabwerako. Amene adapita ku Moscow chaka chatha nabwerako adzati "ya yezdil". Wolunjika wa nthawi yakale, amene maonekedwe ake ndi odabwitsa chifukwa safanana konse ndi "idti", pakuti mwamuna amati "shyol" ndipo mkazi amati "shla", ntchito yake ndi kukuikani pakati pa njira kuti china chichitike: ndili kupita kunyumba, ndinakumana ndi mnzanga, ndili kuwoloka mlatho, mvula inayamba. Mukamva munthu wayamba ndi "ya shyol", tcherani khutu, nkhani ikubwera. Akathera pomwepo, womvera amatsala kukamwa kuli yasa, kudikira chimene chidamuonekera panjirapo.

Tipume pang'ono, tikumbutsane. Funso loyamba: wapansi kapena wokwera? Funso lachiwiri: ali panjira kulunjika kumodzi, kapena ndi kuyenda kwa masiku onse, kozungulira, kapena kopita n'kubwera? Inu amene muli kunyumba, tayesani kuganizira maulendo amene mwayenda lero kuchokera m'mawa, kumunda, kumsika, kuchigayo kapena kuofesi, ndipo ulendo uliwonse muufunse mafunso awiriwa, ngakhale mawu a Chirasha musanawagwire.

Mabuku a galamala amawerenga magulu 14 a aneni oyenda awiriawiri chotere: kuthamanga, kuuluka, kusambira, kukwawa, kukwera, kukoka, kugubuduza, kupirikitsa ndi ena. Si Chirasha chokha chili nawo, pakuti zinenero za pachibale pake, monga cha ku Poland, cha ku Ukraine ndi cha anthu a ku Prague, zili ndi kachitidwe kofananako. Koma ine, m'kuona kwanga, buku limene limaunjika magulu onsewo patsamba limodzi, ndi kuuza wophunzira wa mwezi wachiwiri kuti awaloweze, limamulakwira kwambiri. Akulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Wophunzira agwire magulu awiri oyamba aja kufikira atamatuluka okha pakamwa osaganizira, ndipo adzaona kuti otsalawo amvera lamulo lomwelo popanda kukakamiza.

Atatu okha mwa otsalawo ndiwo ndifuna tiwayang'ane pafupi, chifukwa akukhudza chinthu chimene ifenso tidachisamala m'chinenero chathu, ndicho kunyamula. Ife timalekanitsa kusenza, kubereka, kuyangata ndi kupachika paphewa, ndiko kuti timayang'ana pamene katunduyo wakhala pathupi. Iwo sayang'ana pamenepo, koma amabwereranso ku funso lawo lija la mayendedwe. Taonani mayi ndi mwana wake mumsewu wa mumzinda. Akamunyamula m'manja iye akuyenda pansi, amati "nesyot". Akamutsitsa, namugwira dzanja kuti ayende yekha pambali pake, amati "vedyot", ndiko kumutsogolera. Akamuika m'kangolo kokankha, kapena akakwera naye basi, amati "vezyot". Mayi ndi yemweyo, mwana ndi yemweyo, msewu ndi womwewo, koma aneni ndi atatu, ndipo aliyense ali ndi mbale wake woyendayenda wa masiku onse. Kuchokera kwa abale amenewa ndi kumene amatenga mawu a kuvala magalasi, pakuti magalasi umawanyamula tsiku ndi tsiku, ndi mawu a kuyendetsa galimoto, pakuti galimoto umaitsogolera. Ndipo munthu zikamamuyendera amati "mne vezyot", ngati kunena kuti mwayi wandikweza pangolo yake.

Ndisanapitirire, ndikuuzeni kuti lamulo loyamba lija lili ndi mipata yake, kuopa kuti mungadzanditche wabodza. M'Chirasha mvula imayenda pansi: "dozhd idyot" ndiko kunena kuti mvula ikugwa, ndipo chipale chofewa nachonso chimatero. Wotchi ikamagwira ntchito, ikuyenda. Kanema akamaonetsedwa, akuyenda. Chovala chikakukhala, chikukuyendera. Ngakhale sitima yeniyeniyo, ndi mateyala ake achitsulo, amati "poyezd idyot", pamene munthu wokhala m'kati mwake ndiye "yedet". Ndiponso m'kati mwa mzinda, munthu wopita kukaonera sewero kapena kukacheza kwa abale amati "idu" ngakhale akwera basi, chifukwa chimene chili pamtima pake ndi kumene akupitako, osati chomufikitsa. Izi musalimbane nazo kufuna chifukwa chake. Zilandireni monga mlendo alandira miyambo ya mudzi umene wafikamo.

Tsopano tifike ku gawo lotsiriza, la tiziphatikizo timene amaika kumayambiriro kwa aneniwa. Ifenso tili nato tathu, monga "ka" wa pa "kagule" ndi "dza" wa pa "dzaone", timene timaonetsa ngati munthu akupita kapena akubwera. Koma tawo ndi tambiri, ndipo kalikonse kali ndi njira yake. "Pri" ndi kufika, "u" ndi kuchoka, "v" ndi kulowa, "vy" ndi kutuluka, "pere" ndi kuwoloka, "za" ndi kupatukira kwa kanthawi, "do" ndi kukafika kumapeto, ndipo "po" ndi kunyamuka. Musavutike kutiloweza usiku uno, pakuti mzinda weniweniwo ndiwo umaphunzitsa. Mlendo akatsikira ku sitima zoyenda kunsi kwa nthaka za ku Moscow, zimene zidayamba kunyamula anthu mu 1935, amapeza pakhomo lililonse palembedwa "vkhod", polowera, kapena "vykhod", potulukira, ndipo njira yopitira ku sitima ina ndi "perekhod". Onsewo ndi ana a "khodit" yemwe uja. M'basi yodzaza, munthu wa kumbuyo kwanu akakukhudzani paphewa nati "vy vykhodite?", sakukuthamangitsani ayi, akungofunsa ngati mutsika pamalo otsatira, kuti ngati simutsika mumupatse njira. Mukagogoda pakhomo la munthu, adzakulandirani ndi "prokhodite", kukuuzani kuti mulowe ndithu m'kati, ndipo ngati mwachokera kutali adzafunsa "kak doyekhali?", mawu amene sasiyana ndi "mwayenda bwanji?" wathu.

Kuti muone kulemera kwa tiziphatikizoti, tiyerekeze kuti mwafika panyumba yogona ophunzira kudzaona mnzanu, ndipo pakhomo mwapeza mayi wolondera, wakhala patebulo lake ndi buku lolembamo alendo. Mukamufunsa za mnzanuyo, yankho lake likhoza kukhala la mawu awiri okha, koma m'mawu awiriwo muli zonse zimene muyenera kuchita. Akati "on vyshel", ndiye kuti wangotuluka pang'ono, khalani pabenchi mudikire. Akati "on poshyol" kusitolo, ndiye kuti wanyamuka kupita kumeneko ndipo sanabwere, monga ife tinenera kuti wapita kusitolo. Akati "on ushyol", wachoka, mwina simumuona kufikira madzulo. Koma akati "on uyekhal", musataye nthawi, pakuti mwamva kale kuti wachoka atakwera, ndipo mwina pofika pano ali m'sitima yopita kumzinda wina. Mlendo amene sadaphunzire kulekanitsa mawu amenewa akhoza kukhala pabenchi tsiku lonse kudikira munthu amene adzabwere mwezi wamawa. Safunsa adadya phula.

Pali chinthu china chozama chimene chimachitika kaphatikizo kakamatirira kwa aneni awiriawiri aja: kusiyana kwa wolunjika ndi woyendayenda kumatha, ndipo m'malo mwake mmodzi amanena za ntchito imene yatsirizika, wina za ntchito yosatsirizika kapena yobwerezedwa. Imeneyo ndi nkhani yofuna madzulo ake, ndipo tidzaitenga mu pulogalamu ikudzayi.

Koma sindingatseke osatchula mawu amodzi a ulendo amene dziko lonse lapansi lidawamva. Pa 12 Epulo 1961, ku Baikonur, pamene chombo cha Vostok chinali kunyamuka kutengera munthu woyamba kunja kwa dziko lino, Yuri Gagarin adafuula kuti "Poyekhali!" Inu amene mwatsatira nkhani yathu kuyambira pachiyambi mukhoza tsopano kuwamasula nokha mawuwa: "po" ndi kunyamuka, ndipo tsinde lake ndi "yekhat", mneni wolunjika wa munthu wokwera. Sadatenge mneni wa kuuluka, ngakhale adali kupita kumwamba kuposa mbalame iliyonse, koma adatenga mawu wamba amene anthu amanena ngolo kapena galimoto ikamadzuka, monga ife tingati tiyeni, tanyamuka. Akadakhala wapansi ndi anzake akadati "poshli", ndipo mawu awiriwa mudzawamva tsiku lililonse m'misewu ya ku Russia.

Tsono kwa inu amene mwatsimikiza mtima kuphunzira chinenerochi, kaya chifukwa cha sukulu, malonda kapena chidwi chabe, uphungu wanga ndi uwu. Musayambe ndi kuloweza mndandanda. Yambani ndi kuona ulendo m'maso mwanu, ndi kuufunsa mafunso awiri aja, wapansi kapena wokwera, wolunjika kapena woyendayenda. Madzulo alionse nenani mokweza ziganizo zitatu za moyo wanu womwe: kumene mumapita masiku onse, kumene munapita lero n'kubwerako, ndi chimene chinakuonekerani muli panjira. Mudzalakwitsa ndithu, ndipo eni chinenero adzamwetulira, koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mlendo amene amayesa amakonzedwa msanga kuposa amene wakhala chete kuopa manyazi.

Ntchito ya sabata ino ndi iyi: mayi wina amapita ndi mwana wake kuchipatala pabasi mwezi ndi mwezi, koma lero basi yasowa, ndipo mukumuona ali panjira wapansi, mwana ali m'manja. Ganizirani kuti ndi aneni a mtundu uti amene munthu wa ku Russia angasankhe pa ulendo wa mwezi ndi mwezi uja, ndi ati pa ulendo wa lerowu. Yankho tidzayambira nalo sabata yamawa, nthawi ngati yomwe ino.